Madzi a kwa Hellen

Chitsime cha m'mudzi wa Kamphasa, m'boma la Katete, chinauma dzuwa la Okutobala litangoyamba kuwamba. Pansi pake panangotsala matope onunkha. Amayi anayamba kufukula mchenga kudambo, koma kumeneko ankalimbirana ndi ng'ombe, ndipo ana anayamba kutsegula m'mimba. Wofuna madzi abwino ankayenera kuwoloka dambolo mpaka ku Mtalika, kumene kunali mpopi watsopano woyendera mphamvu ya dzuwa.

Kwa amayi ena ulendowu unkangotopetsa miyendo. Kwa Doreen Mwanza unkawawa mumtima. Ku Mtalika ndi kumene kunakwatiwa mng'ono wake Hellen, ndipo pa mpopi paja dzina la Hellen silinkachoka pakamwa pa anthu.

M'mawa wina Doreen anaimika njinga yake pamzere, zigubu zili pakaliyala.

"Mwabwera kudzamwa madzi a mng'ono wanu, amake Alinafe?" anatero mayi wina, akuseka mopanda choipa. "Mwana uja ali ndi mutu. Popanda iye, bwenzi nafenso tikumwera pamodzi ndi ng'ombe."

"Madzi ndi a Mulungu," anayankha Doreen, maso ali pa chigubu.

Posakhalitsa Hellen anatulukira, foni ili m'manja. Ataona mkulu wake, nkhope yake inawala.

"Asisi! Mwafika osandiuza? Siyani zigubuzo ndikutungireni, inu mukapume kunyumba."

"Manja ndili nawo," anatero Doreen.

Hellen asanayankhe, panaima njinga yamoto. Anali a Daka, khansala wa wadi yawo. Anakweza dzanja kupereka moni kwa onse, kenaka anatembenukira kwa Hellen.

"Mayi Miti, uthenga wanu wa dzulo ndaumva. Ndiyankha pa gulu lathu la pa foni pomwepo kuti aliyense amve."

Mayi Miti! Doreen anamva ngati wameza khala la moto. Hellen yemweyu, amene iye anamubereka kumsana amayi awo ali kumunda? Hellen amene ankabisala kuseri kwa chitseko kukabwera alendo? Doreen ndiye anafika Giredi 9, pamene Hellen analekezera Giredi 7. Doreen ndiye anali mlembi wa amayi a Chigwirizano kutchalitchi, munthu wodziwa kuima pamaso pa gulu. Koma lero khansala ankadziwa dzina la mng'ono wake, ndipo iye anangomuona ngati mayi wina aliyense wa zigubu.

Atafika kunyumba anapeza mwamuna wake, Wilfred, akukonza goli la ng'ombe pansi pa mtengo wa mango.

"Atate a Alinafe, tandiuzani," anatero akutsitsa zigubu mwaukali. "Anthu a ku Mtalika anawadyetsa chiyani akuluakulu a boma? Mpopi, kwawo. Nyumba yodikirira amayi oyembekezera, kwawo. Ife kuno sitivota?"

"Ndimamva kuti ali ndi gulu pa foni," anatero Wilfred. "Amati zonse za chitukuko amakambirana pamenepo. Si paja mlamu wanga anakupemphani kuti akulowetseni?"

"Ine kulowetsedwa m'gulu ndi mwana? Magulu amenewo ndi a miseche basi."

"Foni munagula titagulitsa soya. Mumangoimbira Alinafe ku Chipata ndi kumvera nyimbo za kwaya. Bwanji osafunsa mng'ono wanu mmene zimayendera?"

"Inu simudziwa dziko," anatero Doreen. "Palibe chimene chimabwera chaulere. Pali chimene chikuchitika, ndipo tsiku lina tidzachiona."

Wilfred anangopukusa mutu n'kupitiriza kusema goli lake.

Sabata yotsatira Doreen anapita kukagulitsa mtedza kumsika wa Katete. Dzuwa lili pamutu, anaona Hellen akuchokera cha ku maofesi a khonsolo, akuyenda pambali pa a Daka. Ankaseka. Anawoloka msewu waukulu n'kulowa m'kanyumba kena kogulitsira zakudya. Kumbuyo kwawo kunkabwera anthu ena, koma maso a Doreen sanafune kuwaona.

Anatulutsa foni. Anapeza dzina la Brenda, mnzake wogulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, n'kukanikiza pojambulira mawu.

"Brenda, ndaona ndi maso angawa. Madzi aja a ku Mtalika sanabwere ndi foni ayi. Hellen ali pa chibwenzi ndi khansala. Pano ali limodzi ku Katete, akudya. Ife tifa ndi ludzu chifukwa tilibe woti tikamupereke. Izi ndi zako wekha, usauze munthu."

Yankho linabwera nthawi yomweyo. "Shuwa? Hellen amene uja? Iyayi, dziko latha!"

Tsiku limenelo Doreen anabwerera kwawo mtima utapepuka. Ankamva ngati watula katundu amene anasenza kwa miyezi.

Koma Brenda anali ndi mnzake amene ankamukhulupirira, ndipo mnzakeyo analinso ndi wake. Sabata isanathe, mawu aja anali atazungulira wadi yonse. Anafika ku Sinda, anafika kwa achibale a ku Vubwi, ndipo wina anawaponya pa gulu lenileni la chitukuko lija.

"Mwamva za ku Mtalika?" Wilfred anafunsa tsiku lina atachokera kuchigayo. "A Samuel, amuna a mlamu wanga Hellen, alanda foni ya mkazi wawo. Akuti aitana ankhoswe. Amuna ena akuuza akazi awo kuti atuluke m'gulu lija. Koma amene anayambitsa nkhani imeneyi ali ndi mtima wotani?"

Wilfred anali asanamve mawuwo ndi makutu ake, ndipo Doreen anadziuza kuti si mlandu wake. Iye anangouza munthu mmodzi. Komanso Hellen ankanyanya kudzionetsa. Mwina tsopano aphunzira kukhala pansi.

M'mawa mwake anapitanso kukatunga madzi. Atayandikira mpopi anaona atsikana ataunjikana pa foni imodzi. Kenaka anamva mawu ochokera m'fonimo, omveka bwino ngati a pa wailesi: "Ndaona ndi maso angawa. Madzi aja a ku Mtalika sanabwere ndi foni ayi."

Anali mawu ake. Anamva mmene ankathamangira polankhula, ndi kaphuma kachisangalalo kamene kanali mkati mwake. Mtsikana wina atamuona anazimitsa foni msanga.

Hellen anali pomwepo, ndowa ili pamutu, maso atatupa. Anatula ndowayo, anamasula zigubu za mkulu wake pa njinga, anazidzaza chimodzichimodzi, n'kuzimangiranso bwinobwino. Anasenza ndowa yake n'kumapita.

Doreen anakankha njinga mpaka kudambo, ndipo kumeneko anakhala pansi. Manyazi anali atamugwira, komabe nsanje inali isanamusiye. "Ngakhale pamenepa akufuna aoneke wabwino kuposa ine," anadziuza choncho.

Patapita masiku, ku Kamphasa kunabwera Mayi Cecilia Njobvu, a ku ofesi yoona za chitukuko cha m'midzi, kudzayendera kalabu ya amayi. Monga mwa nthawi zonse, Doreen ndiye anatsegula ndi pemphero. Atati ameni, anapeza mlendoyo akumuyang'anitsitsa. Msonkhano utatha, Mayi Njobvu anati, "Amake Alinafe, mundiperekeze pang'ono. Njinga yanga ndaisiya kumsewu."

Atatalikirana ndi anthu, Mayi Njobvu anaima.

"Mawu anu ndawazindikira popemphera paja," anatero mofatsa. "Sindinabwere kudzakuweruzani. Ndikungofuna ndikufunseni: kodi mukudziwa mmene madzi anafikira ku Mtalika?"

"Anthu amanena zambiri," anatero Doreen.

"Tiyeni tisiye za anthu. Ndikuuzeni zimene ndikudziwa. Chaka chilichonse kumabwera ndalama za chitukuko, zija timati CDF. Anthu a m'wadi ndiwo ayenera kunena zimene akufuna, kudzera m'komiti yawo ya chitukuko. Kale misonkhano inkachitika ambiri osadziwa. Amene ankapita anali okhala pafupi ndi msewu, ndipo zofuna zawo ndi zimene zinkamveka. Ndiye komiti ya wadi yanu inatsegula gulu pa WhatsApp. Tsiku la msonkhano limalengezedwa pamenepo. Zimene anthu agwirizana zimaikidwa pamenepo. Aliyense atha kufunsa khansala, ndipo iye amayankha onse akumva."

"Nanga Hellen ndi ndani pamenepo?"

"Alibe udindo uliwonse waukulu. Iye anangoona kuti ambiri ku Mtalika alibe mafoni, ena sadziwa kulemba. Ndiye amayenda khomo ndi khomo. Munthu amalankhula, iye n'kujambula mawuwo, n'kutumiza. Lamlungu akaweruka kutchalitchi amawamvetsera mayankho. Pa tsiku la msonkhano anthu a ku Mtalika anabwera ambiri, akudziwa kale chimene akufuna."

Mayi Njobvu anatulutsa foni yawo n'kuonetsa Doreen chithunzi. Panali tebulo la m'kanyumba ka zakudya kaja. Hellen anali kumapeto. A Daka anali mbali ina. Pakati pawo panali anthu a m'komiti, ndi Mayi Njobvu amene.

"Tsiku limenelo tinkachokera ku khonsolo kukafunsa za mlatho," anatero. "Chithunzichi chinaikidwa pa gulu masana omwewo. Mukanakhala pa gulu, mukanachiona musanachoke pamsika."

Doreen anayang'ana kumbali.

"Komabe si chilungamo," anatero. "Ife a Kamphasa si anthu? Khansala sadziwa kuti chitsime chathu chinauma?"

"Mng'ono wanu anazinenapo kangapo. Koma komiti inati ikufuna kumva kwa eni ake, ndipo pa gulu palibe munthu wa ku Kamphasa ngakhale mmodzi. Kumsonkhano wathawu simunabwerenso. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Hellen sangakutsekulireni chitseko chanu."

"Ndiye tichite bwanji?"

"Msonkhano wosankha ntchito za chaka chamawa uli pafupi. Koma gulu lija likufa. Amayi akutuluka, ndipo otsalawo akuopa kulankhula. Likafa, tibwerera kwakale, kumene anthu ochepa amasankhira onse. Mvetsani, amake Alinafe. Intaneti ili ngati bwalo lalikulu lopanda mpanda. Mawu oona amafika patali, abodza amafikanso patali. Musanatumize kanthu, dzifunseni ngati mukudziwadi. Ngati mukukayikira mtsogoleri, ndi ufulu wanu kumufunsa, ndipo mufunseni poyera. Koma funso ndi lina, kunamizira munthu ndi kwina. Ndipo kunamizira munthu pa foni kungakufikitseni kukhoti."

Doreen anafunsa ndi mawu otsika, "Mawu ajawo angafufutike?"

"Ayi. Ali kale m'mafoni a anthu ambiri. Chimene mungachite ndi kutumiza ena oona."

Madzulo ake Doreen anaulula zonse kwa Wilfred. Wilfred anagwira kumutu. Kenaka anati, "Mawa tipitira limodzi. Koma wolankhula ndinu."

Anapeza Hellen akusenda chinangwa pakhonde. Mwamuna wake, Samuel, anali pampando, nkhope ili gwa. Atapatsana moni, Doreen anakana mpando n'kukhala pansi.

"Alamu," anayamba, "zimene munamva zija ndi bodza. Ndinaona Hellen akuyenda ndi khansala pagulu la anthu ena. Zotsalazo ndinapeka ndine."

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Samuel. "Ine ndatsala pang'ono kuthetsa banja langa."

Doreen anayang'ana mng'ono wake. "Kulikonse kumene ndapita, Hellen, Hellen. Pa mpopi, Hellen. Kutchalitchi, Hellen. Ine ndinakulera, ndinakuphunzitsa kugwira pensulo. Ndinkaona ngati wandilanda malo anga."

Hellen anaika mpeni pansi.

"Malo ati, asisi? Kuyenda padzuwa ndi foni, agalu akundiuwa m'makomo mwa anthu, ndiwo malo amene mumawafuna? Ndinakupemphani kuti tiyendere limodzi, munandikana. Mukanandimenya ngati kale ndili mwana, ndikanalira n'kuiwala. Koma ana anga akusekedwa kusukulu. Apongozi anga sakundiyankha moni."

"Ndikhululukire."

"Pakhonde pano tilipo anayi okha. Mawu anu anamveka mpaka ku Vubwi. Ngati mukupepesadi, kupepesako kuyende njira imene bodza linayenda."

Kwa Doreen, kugwada pamaso pa mng'ono wake kunali kowawa kale. Nanga pamaso pa wadi yonse? Anayang'ana Wilfred, koma Wilfred ankayang'ana pansi. Anatulutsa foni yake n'kukanikiza.

"Ine ndine Doreen Mwanza wa ku Kamphasa. Mawu amene munamva onena za Hellen Miti ndi a khansala ndinalankhula ndine. Ndi abodza. Ndinalankhula chifukwa cha nsanje. Ndikupepesa kwa mng'ono wanga, kwa amuna ake, kwa a Daka ndi banja lawo, ndi kwa inu nonse. Amene munatumiza mawu oyamba aja kwa anzanu, chonde tumizaninso awa."

Samuel analowa m'nyumba n'kutuluka ndi foni ya mkazi wake. Anaipereka ndi manja awiri.

"Inenso ndinalakwa, amake Dorcas," anatero. "Ndinakhulupirira foni osakufunsani inu. Komanso ndinalibe chifukwa chokulandani chinthu chanu."

Hellen anailandira. Analowetsa mkulu wake m'gulu la wadi, ndipo uthenga woyamba umene Doreen anatumiza pamenepo unali kupepesa kuja.

Zinthu sizinakhale bwino tsiku limodzi. Ena anamuyamikira, ena anamuseka. Amayi a Chigwirizano anamupempha kuti ayambe wapuma pa ulembi. A Daka anayankha mwachidule kuti amva, ndipo anapempha amayi amene anatuluka kuti abwerere. Ambiri anabwerera, ena ayi. Hellen ankamuyankha moni, koma kuseka kwake kwakale kunatenga nthawi kuti kubwerere.

Doreen anayamba kuyenda m'makomo a ku Kamphasa. Kumene netiweki inkavuta, ankajambula mawu a anthu n'kukawatumizira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Anajambula chitsime chouma, ndi amayi akufukula mchenga pakati pa ndowe za ng'ombe.

Koma anadabwa kupeza kuti si onse ankafuna madzi poyamba. Anyamata ankafuna msewu ukonzedwe kuti magalimoto ogula soya azifika. Abambo angapo ankafuna dibi la ng'ombe, ndipo mmodzi wa iwo anali Wilfred.

"Inunso?" anatero Doreen. "Mukudziwa kumene ndimatunga madzi, ndiye mukunena za ng'ombe?"

"Ng'ombe zikafa ndi nkhupakupa tilima ndi chiyani? Jambulani, amake Alinafe. Amenewo ndiwo maganizo anga."

Doreen anajambula, koma atafika pachulu chala chake chinaima. Akatumiza mawu a dibi ndi a msewu, anthu a Kamphasa adzaoneka ogawikana. A ku Mtalika adzati, taonani, Doreen walephera zimene Hellen anakwanitsa. Ndani akanadziwa atangowasiya? Anaimbira Mayi Njobvu.

"Tumizani onse," anatero Mayi Njobvu. "Foni ndi yanu, koma mawuwo ndi a eni ake. Mukayamba kusankha oti amveke, ndiye kuti mwatseka chitseko chimene tikufuna kutsegula. Kusiyana maganizo si vuto. Itanani anthu akambirane, kenaka asankhe."

Doreen anatumiza onse. Lamlungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, anakhala pamthunzi n'kumvetsera mawu a anzawo ndi mayankho a komiti. Anakangana ndithu. Mayi wina wachikulire anafunsa abambo aja ngati ng'ombe yoviikidwa bwino ingathe kulera mwana wodwala m'mimba, ndipo anthu anaseka. Pokweza manja, madzi anapambana. Dibi linakhala lachiwiri. Wilfred anavomereza, ngakhale ankang'ung'udza njira yonse yobwerera kunyumba.

Pa tsiku la msonkhano wa wadi, anthu a ku Kamphasa anadzaza ngolo za ng'ombe kupita kusukulu kumene unkachitikira. Okalamba ndi odwala amene anatsala anasonkhana pa foni ya mphunzitsi wina, ndipo zokambidwa zinkawafika pa gulu. Doreen anaimirira n'kufotokoza za chitsime. Analankhula bwino, mosazungulira. Kenaka wapampando wa komiti anathokoza Hellen poyera chifukwa chosataya mtima, ndipo anthu anaomba m'manja kwa nthawi yaitali kuposa mmene anaombera Doreen.

Kanthu kaja kanalumanso mumtima mwake. Anakamva bwinobwino. Koma ulendo uno anakadziwa dzina lake, ndipo anadziwa kumene kanamufikitsa. Anakweza manja n'kuomba nawo.

Msonkhano unaika madzi a Kamphasa pa ntchito zotumizidwa ku khonsolo, pamodzi ndi makalasi a mudzi wina. Kenaka panali kudikira. Mvula inagwa, anthu analima, anakolola. Tsiku lina pa gulu panaikidwa ntchito zimene zavomerezedwa, ndipo dzina la Kamphasa linalipo.

Galimoto lokumba linabwera, linaboola pansi, madzi anatumphuka, ana anakuwa. Koma okumbawo anachoka osaika pampu, ndipo masabata anadutsa. Mphekesera zinayamba. Brenda anatumizira Doreen uthenga: "Akuti pampu yanu anaigulitsa ku Mozambique. Tumizira anzako adziwe."

"Wakuuza ndani?" anafunsa Doreen.

"Anthu akunena."

"Ndiye dikira, ndikafunse eni ake."

Anajambula chitsulo chotsekedwa chimene okumbawo anasiya n'kutumiza pa gulu. "A khansala ndi a komiti, kuno ku Kamphasa anakumba koma pampu palibe. Tikupempha mutiuze: ntchitoyi yaima chifukwa chiyani, ndipo itha liti?" Anthu ena anawonjezera mafunso awo. Woyamba kumuthandiza anali Hellen. A Daka anakafunsa ku khonsolo n'kubwera ndi yankho: madziwo anali atatumizidwa kukayezedwa ngati ali abwino kumwa, ndipo wogwira ntchitoyo anali atachedwa kubwerera. Anavomera kuti anayenera kudziwitsa anthu msanga. Anatchula sabata imene pampu idzafike. Sabatayo itadutsa pampu isanafike, Doreen anafunsanso, mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Sabata yotsatira pampu inaikidwa.

Pa tsiku lotsegulira, Mayi Njobvu anapempha Doreen kuti anene mawu. Doreen anapukuta manja ake onyowa pa chitenje.

"Ine ndinayamba ndagwiritsa foni iyi kugwetsa m'bale wanga," anatero. "Sindinapeze ngakhale dontho limodzi la madzi. Nditaigwiritsa ntchito kunyamula mawu a anthu a m'mudzi muno, ndi kufunsa atsogoleri athu poyera, madzi ndi awa. Amene muli ndi mafoni, kumbukirani anzanu amene alibe. Ndipo abambo, musadandaule. Nkhani ya dibi tikaiyambanso pa msonkhano ukubwerawu."

"Tajambulani zimenezo!" anakuwa Wilfred, ndipo anthu onse anaseka.

Chitukuko sichibwera chifukwa chochitira nsanje mudzi wa anzathu. Chimabwera anthu akadziwa zimene zikuchitika, akanena zofuna zawo, ndi kufunsa atsogoleri awo mosaopa. Intaneti ingatithandize pa zonsezi. Lowani m'magulu a chitukuko a m'dera lanu, pitani kumisonkhano, ndipo thandizani opanda mafoni kuti nawonso amveke, ngakhale maganizo awo atasiyana ndi anu. Musatumize nkhani imene simunaitsimikize. Boma la anthu limalimba pamene aliyense ali ndi mawu, ndipo mawuwo ndi oona.